Wometa ndi Khanda Kumsana

Mumsewu wonsewo anthu ankangomutchula kuti Wometa, ndipo iye dzinalo ankalikonda. Shopu yake inali kachipinda kopanikizika pakati pa wokonza mafoni ndi wogulitsa zitsulo. Munali mpando umodzi wozungulira, galasi lalikulu lothimbirira m'makona, benchi ya odikira, ndi kashelefu ka makina ometera, zipeso ndi botolo la sipiriti. Anali munthu wa dzanja lofewa ndi pakamwa posatopa. Ukakhala pampando pake, unkachokapo mutu utapepuka, makutu atalemera.

Mkazi wake anali telala. Ankasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde la nyumba yawo ya lendi, ndipo akaseka, a nyumba yachitatu ankafunsa kuti kwagwanji. Awiriwa anakhala zaka zingapo m'banja popanda mwana. Anapemphera mpaka mawondo kuchita zikang'a. Choncho tsiku limene abusa analengeza kuti kwa Wometa kwabadwa mwana wamkazi, mpingo wonse unaimirira kuomba m'manja, ndipo mlungu umenewo aliyense wolowa m'shopu anamva nkhaniyo kaya afune kaya asafune.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Mkazi uja anayamba kuchepa mawu. Chakudya ankangochigwiragwira, tulo osabwera, kuseka kuja kunazimiririka. Wometa ankati ndi kutopa kwa uchembere. Koma tsiku lina atabwera kudzadya masana, anamva khanda likulira ali panja. Analowa mothamanga. Mwana anali pabedi, atafiira ndi kulira, ndipo mayi ake anali atakhala pansi, atayang'ana kukhoma, manja atawapanira m'khwapa.

"Amayi, mwana akulira."

"Ndamumva."

"Nanga osamunyamula bwanji?"

"Manja angawa musawakhulupirire, bambo," anatero osacheuka. "Ndimugwetsa. Ndikudziwa kuti ndimugwetsa. Mutengeni inu."

Madzulo ake kunafika achemwali ake a Wometa. Amenewa ndi amene anamulera makolo atamwalira, ndipo mpaka lero ankamulankhula ngati akadali ndi mamina pamphuno. Ankagulitsa nsalu kumsika, ndipo m'gulu la amayi kutchalitchi mawu awo sankagwa pansi. Anasuzumira kuchipinda, n'kumukokera mlongo wawo pakhonde.

"Iwe, izi ndi zachibwana," anatero. "Anzake akulira usana ndi usiku kufuna mwana, iye wapatsidwa, akumufulatira? Kusayamika kumeneku! Mubweze kwa amake akamulangize. Mwanayu ndilera ndine, monga ndinakulerera iwe."

Wometa sanayambe wawayankhapo achemwali ake chiyambire. Koma tsikulo ananena chapansipansi: "Achemwali, tsiku lija ndinkalonjeza kutchalitchi munalipo, munakhala kutsogolo. Sindikukumbuka kuti ndinati ndidzamusunga pokhapokha akamaseka."

M'mawa mwake Wometa anapita ndi mkazi wake kuchipatala. Anamwino achikulire, a magalasi olendewera pachingwe, anamufunsa mayiyo mafunso modekha kwa nthawi yaitali, kenako anamuitana Wometa.

"Bambo, akazi anu akudwala," anatero. "Matendawa amagwira amayi ena akangobereka. Si ulesi, si tchimo, ndipo sanawaitane. Ali ndi mankhwala ake. Koma apa afika poti tiwagoneke kuno kwa kanthawi."

"Ndiye kuti kupemphera tisiye?" anafunsa Wometa, pakuti mutu wake unali utaima.

"Wanena ndani? Ine ndimagwada kaye ndisanavale yunifolomu iyi. Inu pempherani, ife tizipereka mankhwala. Ntchito ziwirizi sizilimbana."

Pakhomo la wodi mkazi wake anamugwira malaya. Kanali koyamba kumuyang'ana m'maso m'masiku ambiri. "Musakamupereke kwa munthu," anatero. "Ndikadzamufuna, ndidzamupeze kwa inu."

"Mudzamupeza kwa ine," anayankha Wometa.

Umu ndi mmene khanda linayambira ntchito m'shopu yometera. Wometa anaika beseni lalikulu pakona, n'kuyalamo bulangeti, pamwamba n'kukutapo neti kuopa tsitsi louluka. Pashelefu, pambali pa sipiriti, panabwera fulasiki, botolo ndi chitini cha mkaka. Mwana akakana beseni, Wometa ankamubereka kumsana ndi nsalu ya mkazi wake. Masiku oyamba mfundo inkamasuka, mwana n'kumatsetserekera m'chiuno, mpaka mkazi wa wogulitsa zitsulo anabwera, n'kumumanga mwamphamvu ngati mtolo, akupukusa mutu.

Makasitomala anapeza choseka. "Wometa, kodi mwalemba manijala?" anafunsa wina.

"Ee, ndipo ndi wankhanza," anayankha iye, makina akulira m'dzanja. "Akangotsegula pakamwa, kampani yonse imaima."

Dzinalo linamatirira. Anthu ankalowa n'kuyamba apereka moni kubeseni: "Mwadzuka bwanji, a Manijala?" Koma si onse ankaseka. Mnyamata wina wa taye anakhala pampando mutu utametedwa mbali imodzi, akudikira kuti Wometa amalize kusintha thewera. Atametedwa mbali inayo anatuluka osatsanzika, ndipo sanabwerenso. Ena ankati fungo la mkaka ndi la sipiriti siziyenderana. Ena ankangodutsa pakhomo, n'kunong'onezana kuti mkazi wa bamboyu mutu unasokonekera. Kutchalitchi achemwali anatseka pakamwa pa anthu powauza kuti alamu awo apita kwa amawo kukapuma.

Masiku oonera odwala Wometa ankatseka shopu, n'kukwera basi ndi mwana. Ankamupeza mkazi wake atakhala pabedi, maso ali pawindo. Iye ankamufotokozera zonse: kuti mwana wayamba kumwetulira, kuti amakonda phokoso la makina. Mkaziyo ankangoti, "Chabwino." Pobwerera m'basi Wometa ankayang'ana kunja kuti anthu asaone nkhope yake. Pang'onopang'ono pemphero linamuumira m'kamwa. Lamulungu linkamupeza akuchapa matewera, ndipo sankadandaula kuti waphonya mapemphero.

Panali kasitomala wina wakale amene anthu ankamutcha Adazi. Anali dalaivala wa basi wopuma pantchito, komanso mkulu wa mpingo. Pamutu pawo panali powala ngati mbale, kungotsala titsitsi tochepa kuseri kwa makutu, koma mlungu uliwonse ankabwera kudzametetsa, ndipo ankalamula sitayelo. Masana ena anapeza magetsi atazima, mwana akulira, Wometa atakhala pabenchi ya odikira, mutu uli m'manja.

"Kutchalitchi sitikukuonani, mwana wanga," anatero Adazi, akukhala pambali pake.

"Ine ndi Mulungu sitikulankhulana, bambo."

"Ha! Mwayambana?"

"Ndinapempha mwana. Sindinanene kuti asinthanitse ndi mkazi wanga."

"Ndiye mwamuuza zimenezo?"

"Ndimuuze chiyani? Sakuona?"

"Akuona, koma muuzeni, mmene mwandiuzira inemu, osathira shuga." Adazi anavundukula neti n'kunyamula mwana. "Ine ndayendetsa basi mpaka tsitsi kutha. Wokwera wokalipa sankandivuta ayi. Atukwane msewu, atukwane dalaivala, koma ali m'basi momwemo, ndipo tikafikira limodzi. Amene ndinkamuopa ndi wongokhala chete kenako n'kudumphira pawindo. Kalipani muli m'kati, mwana wanga."

Anatuluka ndi khanda kukaima pakhonde, n'kukoka chitseko. Wometa anatsala yekha. Poyamba ankachita manyazi, ngati munthu wolankhula ndi khoma. Kenako mawu anabwera okha, osakonzeka, ena okalipa. Anamuuza Mulungu za matewera, za maso a mkazi wake oyang'ana pawindo, za mantha ake oti mwina sadzasekanso. Analira ngati mwana wasukulu. Atamaliza, magetsi anali asanayake, ndipo kuchipatala kunalibe chimene chinasintha. Koma pachifuwa pake panali patamasuka, ndipo anatha kunena kuti, "Ambuye, ndatopa, koma musandisiye. Ndigwireni mpaka mawa." Pemphero limeneli analibwereza m'mawa uliwonse akamatsegula loko wa shopu.

Kuyambira tsikulo Adazi ankabwera masana aliwonse kudzanyamula mwana, akumati alembedwa ntchito ya wachiwiri kwa manijala. Wokonza mafoni anayamba kuwiritsa madzi a fulasiki paketulo yake. Mkazi wa wogulitsa zitsulo ankalanda matewera mwaukali, akuti mwamuna akachapa amangowanyowetsa. Ndipo amuna a kutchalitchi, amene Adazi anawanong'oneza, anayamba kubwera kudzameta ngakhale tsitsi lisanakule. Lamulungu lotsatira Wometa anakhala pabenchi yakumbuyo, khanda lili pamiyendo.

Tsiku lina ali kuchipatala, akulongosola nkhani ya mnyamata wa taye uja, anamva kaphokoso kachilendo. Mkazi wake anali atagwira pakamwa. "Mbali imodzi?" anafunsa. "Munamusiya mbali imodzi?" Sikunali kuseka kwake kwakale kogwedeza malata, koma kunali kuseka. Wometa anatuluka m'wodimo akupereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa anthu okolopa amene anali atawapatsa kale moni polowa.

Mkazi wake atatulutsidwa m'chipatala, Wometa ankaganiza kuti mavuto atha. Anali asanathe. Mankhwala anamunenepetsa mayiyo ndi kumuchedwetsa. Ankayenda ngati munthu wonyamula ndowa yodzaza. Atatambasula manja kuti alandire mwana wake, mwanayo anamuyang'ana, n'kukuwa, n'kukakamira kolala ya bambo ake.

"Mwaona?" anatero mayiyo, manja akugwa. "Sakundidziwa."

"Akudziwani. Manijala ameneyu ndi wamwano kwa aliyense."

Koma iye anadziwa kuti nthabwala pano sizikwanira. Anamwino anali atamuchenjeza kuti adzafunika kuphunzira kuchoka, n'kumasiya mayi ndi mwana okha. Choncho m'mawa mwake anamuika mwana pamiyendo pa mayi ake, n'kunena kuti akupita kukagula sopo. Sanapite kulikonse. Anaima kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira, akumva mwana akulira, miyendo ikumuyabwa kuti athamangire m'nyumba. Anagwira chingwecho ndi manja awiri n'kumapemphera. Kulirako kunatalika. Kenako anamva mawu a mkazi wake akumulankhula mwanayo tizinthu topanda mutu, ndipo kulira kunayamba kuchepa.

Anachita zimenezi tsiku ndi tsiku, nthawi ikutalikirako. Panali masiku ena oipa, pamene mayiyo sankatha kudzuka, ndipo beseni linkabwerera kushopu. Koma masiku abwino anayamba kuchuluka. Madzulo ena Wometa akuweruka anamva makina osokera akulira asanakhote pakona. Anapeza mkazi wake akupalasa makina, mwana ali mtulo kumsana kwake, tsaya litaphwatalala. Anaima pamsewu kwa kanthawi, kungoonerera. Kushopu makasitomala anadandaula kuti manijala wachotsedwa ntchito popanda kuwafunsa.

Lamulungu loyamba telala uja kubwerera kutchalitchi, amayi a mumpingo anamuzungulira. "Mwabwerako! Amayi ali bwanji kumeneko? Mwanenepatu, akusamalani!" Iye anangomwetulira. Koma atafika kunyumba anavula nsapato n'kufunsa: "Bambo, anthuwa akuti ndinali kuti?"

Wometa anakanda m'mutu. "Achemwali anawauza kuti munali kwa amayi anu."

Mkaziyo anasisita kaphazi ka mwana. "Mulungu sanakanditenge kwa amayi anga," anatero. "Anakanditenga m'wodi muja. Ndikamuyamika, ndimuyamikire zoona. Lamulungu likudzali, nthawi ya maumboni, ndikaima."

Wometa anamuyang'ana. Anaganiza za anthu onong'ona aja. "Mwatsimikiza, amayi?"

"Ndikuopa. Koma ndatsimikiza."

Achemwali atamva, anabwera osaitanidwa, ndipo sanakhale n'komwe pansi. "Alamu, za m'nyumba zimathera m'nyumba. Anthu ndi oipa pakamwa. Adzakutchani dzina, ndipo mwanayu adzakula nalo. Ine ndinakuphimbani bwinobwino, inu mukufuna kudzivundukula?"

"Munandiphimba chifukwa mumatikonda, alamu, ndikudziwa," anayankha mayiyo mofatsa. "Koma m'wodi muja sindinali ndekha. Munali akazi a anthu, ena opanda wowayendera, chifukwa kwawo anauzidwa kuti apita kukapuma."

Achemwali anatembenukira kwa mlongo wawo. "Iwe, sulankhula?"

"Walankhula kale mwiniwake," anatero Wometa. Achemwali anatola chikwama chawo n'kutuluka.

Lamulungulo tchalitchi chinadzaza. Maumboni anayamba monga mwa masiku onse: wina wapeza ntchito, wina mwana wake wakhoza mayeso. Kenako telala uja ananyamuka. Anavala diresi yabuluu imene anaikulitsa yekha dzulo lake. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, n'kugwira maikolofoni ndi manja onse awiri.

"Abale ndi alongo," anayamba, "ine sindinali kwa amayi anga. Ndinali m'chipatala, ku wodi ya odwala maganizo."

M'tchalitchimo munangoti zii. Kumbuyo wina anatsokomola. Wometa anamufinya mwana mpaka mwanayo anadandaula.

"Mwana amene munandithandiza kupempha uja atabwera, ine ndinadwala. Ndinkamuopa. Ndinkaona ngati Mulungu walakwitsa adiresi, wapereka mwana kwa munthu wosayenera. Ndinkafuna..." Mawu anamuthera. Anthu anayamba kuyang'ana pansi. Wometa anafuna kuimirira, koma asanasunthe, benchi ya kutsogolo inalira. Achemwali anali ataimirira.

Wometa anatseka maso, poganiza kuti akutuluka. Atatsegula, anawaona akukwera masitepe, nsapato zawo zikugogoda. Anakaima pambali pa mlamu wawo, n'kukoloweka mkono wawo m'mkono mwake, n'kuuyang'ana mpingo ndi diso lija limene ankaopsezera nalo ochedwa kumisonkhano ya amayi. Maikolofoni inatola mawu awo: "Pitirizani, alamu. Ndili pompano."

Ndipo anapitiriza. Ananena za anamwino amene ankamupesa tsitsi iye atalephera kukweza dzanja. Ananena kuti panali masiku amene sankatha kupemphera ngakhale liwu limodzi, ndipo anaphunzira kuti Yesu sadikira kuti munthu ayambe wapeza mawu. Ananena kuti mankhwala akumwabe, ndipo amayamika Mulungu asanameze, monga amachitira ndi chakudya. "Sindinachiriretu," anatero, "koma mwana wanga ndimamusambitsa ndekha. Ndipo ngati muno muli mayi amene akumva zimene ndinkamva ine, kapena bambo amene sakudziwa chochita ndi mkazi wake, musabisale. Si tchimo. Pakhomo panga mukupadziwa, pamene pamalira makina."

Kenako anayang'ana kubenchi yakumbuyo. "Za bambo awo sindinena zambiri, angadzimve. Mwawaona nokha mumsewu."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunamasula chinthu. Adazi anafuula "Amen!" wamkulu mpaka mwana wina anadzidzimuka, ndipo m'manja munayamba kulira. Si onse anaomba. Wometa anaona amayi awiri akugundana zigongono, milomo atapinda. Koma zimenezo sizinamulase. Ankangoyang'ana mkazi wake akutsika masitepe, mutu uli chilili. Pa amuna onse amene anali m'nyumba imeneyo, ena a magalimoto, ena a masuti, panalibe amene iye akanasinthana naye malo.

Atatuluka, ena anabwera kudzamugwira chanza mayiyo, ena anadutsa chapatali ngati aiwala kanthu kunyumba. Anthu atayamba kuchepa, kunabwera bambo wina wachinyamata, woimba gitala m'kwaya, akupotokola chipewa m'manja. Wometa anakonzeka kumulandira, koma iye anamudutsa n'kuima pamaso pa telala.

"Mayi, pepani," anatero, mawu ali pansi. "Mkazi wanga anabereka mwezi wathawu. Sakudya. Sakulankhula. Dzulo anandiuza kuti ndimubisire mwana. Achibale akuti ndi mwano. Mungabwere tsiku lina mudzamuone?"

"Tsiku lina lake liti?" anafunsa mayiyo. "Kwanu n'kutali?"

"Ayi, kuseri kwa sukulu."

"Tiyeni." Anatembenukira kwa mwamuna wake, n'kumulanda mwana, n'kumuponya kumsana, mfundo n'kumanga kamodzi. "Ameneyu ndipita naye, akamuone. Bambo, ndiwo zili mumphika, mungotenthetsa. Moto usachuluke."

Wometa anatsala pageti la tchalitchi, manja ali lende, osadziwa powaika. Anawayang'ana akuwoloka msewu, woimba gitala patsogolo, mkazi wake pambuyo, akuyenda mayendedwe ake atsopano odekha aja, kamutu ka mwana kakugwedezeka, mpaka anakhota pa mpanda wa sukulu.

"Tseka pakamwa, iwe, mulowa ntchentche," anatero achemwali, atafika pambali pake. Maso awo anali ofiira, ndipo ankapukuta mphuno mwaukali ngati yawalakwira.

"Achemwali, mwamuona koma?"

"Ndamuona. Ndinali naye pafupi kuposa iwe." Anamukankha paphewa. "Tiye ndikakutenthetsere ndiwozo, ungapsereze mphika wa alamu anga. Ndipo uyende bwino. Ukuyenda ngati msewuwu wagula ndiwe."